Dzina Limodzi, Mayankho Awiri: Seva ya Mayina Yosiyanitsa Amkati ndi Akunja

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSITSIDWE]

MUULUTSI: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya luso la makompyuta. Lero tikulankhula makamaka ndi inu amene mumasamala netiweki ya pa ofesi, pa sukulu kapena pa chipatala, komanso inu amene mukuphunzira ntchitoyi ku koleji. Nkhani yathu ndi ya seva ya mayina, ija imatchedwa DNS, ndi mmene mungaikonzere kuti iziyankha mosiyana anthu a mkati mwa ofesi ndi anthu akunja. Mu situdiyo muno ndili ndi mlendo amene amadyera ntchito yosamala maseva. Mwaswera bwanji achimwene?

MLENDO: Ndaswera bwino achemwali, kaya inu? Moni kwa omvera nonse.

MUULUTSI: Ndaswera, zikomo. Tiyambe ndi dandaulo limene anthu a m'maofesi amalidziwa bwino. Bungwe lili ndi seva yakeyake m'chipinda china pa ofesi pomwepo, ndipo pa sevayo pali tsamba limene antchito amalowetsapo malipoti. Munthu akakhala kunyumba, pa bandulo ya foni yake, tsambalo likutseguka bwinobwino. Akafika ku ofesi, n'kulumikiza Wi-Fi ya pantchito, likungozungulira osatseguka. Seva ili chipinda chachiwiri kuchokera pamene wakhala! Chimachitika n'chiyani?

MLENDO: Gwero lake ndi lakuti kompyuta sidziwa mayina, imadziwa manambala. Mukalemba dzina la tsamba, kompyuta imayamba yafunsa seva ya mayina kuti, "Dzina ili adiresi yake ndi iti?" Ikapatsidwa nambala, ndiye ulendo umayambika. Kale intaneti ili yaing'ono, mayina onse ankalembedwa mu fayilo imodzi yotchedwa HOSTS.TXT, imene gulu lotsogozedwa ndi mayi Elizabeth Feinler linkasunga ku Stanford Research Institute, ku California. Aliyense ankakopera fayiloyo. Makompyuta atachuluka njirayi inalephera, ndipo mu 1983 Paul Mockapetris anakonza DNS, kuti bungwe lililonse lizisunga lokha mayina ake ndi kuyankha likafunsidwa.

MUULUTSI: Ndiye vuto la pa ofesi lija likubwera pati?

MLENDO: Likubwera chifukwa seva ya pa ofesipo imapezeka pa maadiresi awiri. Maadiresi a mtundu wa IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, osakwanira dziko lonse. Mu 1996 kunatuluka chikalata chotchedwa RFC 1918, chimene chinapatula magulu atatu a maadiresi kuti azigwira ntchito mkati mokha: oyamba ndi 10, oyamba ndi 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Awa aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito m'nyumba mwake kapena pa ofesi pake, koma pa intaneti sayenda. Tsono tinene kuti seva yathu ili pa 192.168.10.5. Kampani imene imatigulitsa intaneti yatipatsa adiresi imodzi yodziwika kunja, tinene 203.0.113.10, ndipo yakhala pa rauta. Wakunja akagogoda pa adiresi imeneyi, rauta imamulandira n'kumupititsa kwa seva ya mkati ija.

MUULUTSI: Omvera asathamangire kukayesa manambala amenewa.

MLENDO: Ayi ndithu. Maadiresi oyamba ndi 203.0.113 anapatulidwa kuti azigwira ntchito pophunzitsa, chimodzimodzi dzina la example.com limene tiligwiritse ntchito lero. Inu muikapo zanu. Tsono taonani zimene zimamuchitikira wantchito amene wakhala mkati. Kompyuta yake ili pa 192.168.10.40. Yafunsa dzina, yapatsidwa adiresi ya kunja ija. Uthenga wanyamuka kupita ku rauta ngati ukutuluka panja. Rauta yaona kuti adiresiyi ndi yake yomwe, ndiye yaubweza mkati kwa seva. Seva yaona kuti wofunsayo ndi mnansi wake wa pa netiweki yomweyo, ndiye yamuyankha mwachindunji osadzeranso ku rauta. Kompyuta ija inalembera 203.0.113.10, koma yankho labwera kuchokera kwa 192.168.10.5, amene sinamulembere. Imalitaya yankholo, n'kumangodikira. Ndiko kuzungulira kumene munanena kuja.

MUULUTSI: Kodi rauta singakonzedwe kuti izithana nazo?

MLENDO: Ingathe, ndipo njira yake imatchedwa hairpin NAT. Koma ili ndi mtengo wake. Uthenga wonse wa mkati umadzera pa rauta popanda chifukwa, ndipo seva imaona ngati aliyense wa mu ofesi ndi rauta. Tsiku limene mudzafune kudziwa kuti ndi kompyuta iti inafufuta lipoti, mudzapeza adiresi imodzi yokhayokha m'kaundula. Palinso china chimene chimandiwawa kwambiri. Ngati mayina anu onse amayankhidwa ndi seva yakunja, tsiku limene chingwe cha intaneti chaduka, antchito amalephera kufika pa seva imene akuiona ndi maso, chifukwa palibe wowauza nambala yake. Ntchito imaima pa chifukwa chosamveka.

MUULUTSI: Ndiye mankhwala ake ndi kupereka mayankho awiri. Komatu achimwene, ena anganene kuti kumeneko ndi kunama.

MLENDO: Si kunama ayi. Mlendo akatsika basi pa siteji n'kufunsa njira ya ku chigayo, mumamuuza kuti atsate msewu, akafika pa mjigo akhotere kumanja. Mwana wa m'mudzi momwemo akafunsa, mumamuuza kuti adutse kuseri kwa khola. Chigayo ndi chimodzi, mayankho onse ndi oona, kusiyana kwake ndi pamene waima wofunsayo. Pa Chingerezi amati split DNS kapena split horizon. Seva imayamba yayang'ana adiresi ya wofunsa, kenako imasankha yankho lomuyenera.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za seva ya mayina yoyankha mosiyana amkati ndi akunja. Amene muli ndi cholembera, chiyandikitseni. Achimwene, tilowe m'kakonzedwe kake.

MLENDO: Ndigwiritsa ntchito pulogalamu ya BIND, chifukwa ndi yaulere ndipo imapezeka pa Linux iliyonse. Inayambira ku yunivesite ya California ku Berkeley m'zaka za m'ma 1980, yolembedwa ndi ophunzira anayi, ndipo lero imasamalidwa ndi bungwe la Internet Systems Consortium. BIND 9, imene inatuluka mu 2000, ndi imene inabweretsa chinthu chotchedwa view, chimene tikuchifuna lero. Zonse zimalembedwa mu fayilo ya named.conf. Pa Debian ndi Ubuntu muipeza mu /etc/bind, pamene pa Red Hat ndi abale ake ili mu /etc momwemo.

Choyamba, uzani BIND kuti amkati ndi ndani. Mumalemba liwu lakuti acl, mumalipatsa dzina, tinene amkati, kenako mumandandalika 192.168.10.0/24 ndi localhost. Localhost musaisiye, chifukwa seva nayo imadzifunsa yokha. Kenako mumatsegula view yoyamba, dzina lake amkati, ndipo mkati mwake mumalemba match-clients n'kutchula acl ija. Pansi pake recursion yes. Pansinso zoni ya example.com, kutanthauza mayina onse a pansi pa dzinali, ndi fayilo yake, tinene db.example.amkati. Mukatseka view imeneyi mumatsegula yachiwiri, ya akunja: match-clients any, recursion no, zoni yomweyo ya example.com, koma fayilo ina, db.example.akunja. Lamulo lililonse lizitha ndi semicolon, kachizindikiro kaja ka dontho pamwamba ndi kamchira pansi. Mukasiya kamodzi kokha, BIND siidzuka.

MUULUTSI: Mwayamba ndi amkati. Kodi ndingayambe ndi akunja ngati ndafuna?

MLENDO: Musayerekeze. BIND imawerenga ma view kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo yoyamba imene yamukwana wofunsa ndi yomweyo, siyang'ananso kutsogolo. Liwu lija lakuti any limatanthauza aliyense. Mukaliika pamwamba limameza onse, amkati omwe, ndipo view yachiwiri imangokhala yosagwira ntchito. Choipa chake n'chakuti palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka. Zonse zimaoneka ngati zili bwino, koma vuto lija likadalipo.

Lamulo lina ndi lakuti mukangotsegula view imodzi, zoni iliyonse iyenera kukhala mkati mwa view. Pa Debian ndi Ubuntu anthu ambiri amapunthwa pamenepa, chifukwa nthawi zambiri pamakhala mazoni obwera kale ndi pulogalamuyo, monga a localhost, mu fayilo ya named.conf.default-zones. Mzere umene umaitana fayilo imeneyi uchotseni pamene uli, muulowetse mu view ya amkati.

MUULUTSI: Nanga m'mafayilo awiri a zoni aja mumalembamo chiyani?

MLENDO: Mu fayilo ya akunja muzilemba zochepa, zokhazo zimene dziko likufunika kudziwa: www ali pa 203.0.113.10, ndi mzere wa MX wonena kumene maimelo a bungwe amapita. Mu fayilo ya amkati www yemweyo ali pa 192.168.10.5, ndipo mumaonjezamo pulinta, makamera, seva ya akawunti, zonse zimene wakunja alibe nazo ntchito.

Koma apa ndipemphe omvera atchere khutu, chifukwa ndi pamene ntchito imeneyi imavutira pakapita miyezi. View ya amkati imadzitenga kuti ndi mwini wake wa example.com yense. Ikafunsidwa dzina limene mulibe mu fayilo yake, siipita kukafunsa kwa view ya akunja. Imangoyankha kuti dzina limeneli kulibe, yankho lotchedwa NXDOMAIN. Tiyerekeze kuti bungwe latsegula tsamba latsopano lolembera ntchito, lasungidwa ku kampani ina, ndipo mwalemba dzina lake mu fayilo ya akunja mokha. Dziko lonse likuliona, koma abwana amene analamula kuti likhazikitsidwe, ali mu ofesi mwawo, akuuzidwa kuti kulibe. Walira mvula walira matope: mwasankha ma view, mwasankhanso kusunga mabuku awiri, ndipo onse ayenera kuyendera limodzi.

MUULUTSI: Palibe njira yochepetsera ntchitoyo?

MLENDO: Ilipo. Mayina amene yankho lake ndi lofanana mbali zonse aikeni mu fayilo yachitatu, ndipo mafayilo awiri aja aziitana imeneyo ndi mzere wa $INCLUDE. Mukasintha pamodzi, mwasintha ponse. Musaiwale kukweza nambala ya serial mu mzere wa SOA, m'mafayilo onse awiri. Ambiri amailemba motsata deti: chaka, mwezi, tsiku, ndi manambala awiri kumapeto owerengera kusintha kwa tsikulo. Ndipo ngati zoni yonse ili yofanana mbali zonse, kuyambira BIND 9.10 pali liwu la in-view limene limalola view ina kubwereka zoni ya inzake osaikopera.

MUULUTSI: Mwatchula recursion kawiri, kwina yes, kwina no. Tatimasulirani.

MLENDO: Pa zonse zimene ndinene lero, ichi ndi chimene ndikufuna chikhale m'mitu ya omvera. Seva ya mayina imagwira ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kuyankha za mayina ake okha. Yachiwiri ndi kutumidwa: wina akaifunsa dzina la eni ake, monga la Facebook, imayenda kukafunsa kwa maseva ena mpaka itapeza yankho. Kutumidwa kumeneku ndiko recursion. Antchito anu akufunika zimenezi, chifukwa popanda izo sangatsegule tsamba lililonse. Koma mukalola kuti munthu aliyense pa dziko aziituma seva yanu, mwapereka chida kwa achifwamba.

Amachita chonchi. Mafunso ambiri a DNS amayenda pa UDP, pa khomo nambala 53, ndipo pa UDP n'kosavuta kunama za kumene uthenga wachokera. Wachifwamba amatumiza funso laling'ono, losakwana mabayiti 100, koma pa malo a adiresi yake amalembapo adiresi ya munthu amene akufuna kumupweteka. Amasankha funso limene yankho lake ndi lalikulu, mabayiti 3,000 kapena kuposa. Seva yanu, mwaulemu wake, imatumiza yankholo kwa munthu amene sanafunse kanthu. Akachita zimenezi ndi maseva masauzande nthawi imodzi, wolandirayo amakwiririka. Mu Malichi 2013 bungwe la Spamhaus, limene limalimbana ndi maimelo achinyengo, linamenyedwa mwa njira imeneyi, ndipo mphamvu yake inafika pafupifupi magigabiti 300 pa sekondi. Eni maseva amene anagwiritsidwa ntchitowo sanali mbali ya chiwembucho, anangosiya recursion yotseguka. Ndipo kumbukirani kuti mayankho onsewo amatuluka pa intaneti imene inu mukulipira mwezi ndi mwezi. Antchito azidandaula kuti netiweki ikuchedwa, osadziwa kuti ikutumikira mbava.

MUULUTSI: Kodi BIND imabwera yotseguka chonchi?

MLENDO: Ya masiku ano ayi, imabwera yololeza a pa netiweki yake okha. Amaitsegula ndi anthu. China chake chikakanika, munthu watopa, amalemba allow-recursion any kuti zitheke msanga, akuti adzakonza mawa. Ubwino wa ma view ndi wakuti amakupatsani malo oyenera a chilichonse: yes kwa amkati, no kwa akunja. Mu view ya akunja muikenso allow-transfer none, kapena mutchule seva yanu yachiwiri yokha, kuti munthu wamba asakopere zoni yonse.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Mwatchula seva yachiwiri. Mabungwe ambiri amakhala nayo kuti yoyamba ikazima, ntchito isaime.

MLENDO: N'zoyenera kutero, koma ndi ma view pamafunika kusamala. Seva yachiwiri ikapita kukakopera zoni, yoyamba imaiyang'ana adiresi ngati mmene imachitira ndi wina aliyense. Ngati yachiwiriyo ili mkati mwa ofesi, ipatsidwa fayilo ya amkati maulendo onse awiri, ndipo iyamba kuuza dziko lonse kuti tsamba lanu lili pa 192.168.10.5. Makasitomala ena azifika, ena ayi, malinga ndi seva imene yawayankha. Vuto lotere limazunguza mutu chifukwa limabwera n'kumapita. Mankhwala ake ndi makiyi otchedwa TSIG. Mumapanga kiyi mmodzi wa amkati, wina wa akunja, ndipo mu match-clients mumatchula kiyiyo patsogolo pa maadiresi. Mu view ya amkati mumakananso kiyi wa akunja, pomuika chizindikiro cha mfuuliro kutsogolo kwake. Mukatero seva imasankha view poona kiyi amene wabwera naye wofunsa.

MUULUTSI: Takonza zonse. Tidziwa bwanji kuti zatheka?

MLENDO: Musanadzutse kanthu, lembani named-checkconf. Ikangokhala chete, fayilo ili bwino. Kenako named-checkzone pa fayilo iliyonse ya zoni, kenako rndc reload. Tsopano khalani pa kompyuta ya mkati, mulembe dig, chizindikiro cha @ ndi adiresi ya seva yanu, kenako www.example.com. Muyenera kuona 192.168.10.5. Mukatero chokani pa Wi-Fi ya ofesi, mulumikize laputopu ku intaneti ya foni yanu, mufunsenso funso lomwelo pa adiresi ya kunja. Muyenera kuona 203.0.113.10. Muli kunja komweko funsani dzina la pulinta, liyankhidwe kuti kulibe. Pomaliza funsani dzina la eni ake, monga google.com. Yankho loyenera ndi REFUSED, kutanthauza kuti seva yakana kutumidwa.

MUULUTSI: Nanga zonsezi zitatheka, wina n'kubwerabe kudzadandaula kuti kwa iye sizikutseguka?

MLENDO: Yambani mwaona kuti kompyuta yake ikufunsa ndani. Anthu ambiri analemba okha 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare m'makompyuta mwawo. Amenewo ndi maseva akunja, ndiye apereka yankho la akunja. Kuyambira 2018 palinso DNS over HTTPS, imene imalola pulogalamu yotsegulira masamba, monga Firefox kapena Chrome, kukafunsa kunja mobisa osadzera pa seva yanu. Mafoni a Android nawo ali ndi Private DNS. Onetsetsani kuti DHCP ikugawa adiresi ya seva yanu yokha, musaphatikizepo yakunja ngati yachiwiri. Chinanso ndi laputopu imene yachokera kunyumba ikukumbukirabe yankho la kunja. Pa mayina amene ali ndi mayankho awiri tsitsani TTL, nthawi imene kompyuta imasunga yankho, ifike masekondi 300. Ndipo Wi-Fi ya alendo musaiike mu acl ya amkati. Mlendo wakhala pa benchi podikirira, inde ali mkati mwa mpanda, koma kwa seva akhale wakunja.

MUULUTSI: Ena amati akabisa mayina a mkati ndiye kuti atetezeka.

MLENDO: Amenewo akudzinamiza. Kubisa dzina sikutseka khomo. Munthu akalowa pa netiweki yanu angathe kusanthula maadiresi onse 254 a gulu lija la 192.168.10.0/24 m'kanthawi kochepa, popanda kufunsa dzina ngakhale limodzi. Komanso setifiketi iliyonse ya HTTPS imene mwatenga kwa opereka odziwika, monga Let's Encrypt, imalembedwa m'kaundula wa poyera wotchedwa Certificate Transparency, ndipo dzina limene lili pa setifiketiyo aliyense angaliwerenge. Chotseka khomo ndi firewall, mapasiwedi olimba, ndi kuika pulogalamu zatsopano zikatuluka. Ndionjezere kamodzi: musapange mayina a mkati otha ndi .local, chifukwa mathero amenewo ndi a njira ina imene mapulinta ndi zipangizo za Apple zimapezerana, ndipo zimasokonezana. Gwiritsani ntchito dzina limene bungwe linalembetsa, kaya lotha ndi .mw, .zm kapena .org. Ngati mukufuna la mkati mokha, mu 2024 bungwe la ICANN linapatula .internal pa ntchito imeneyi.

MUULUTSI: Funso langa lomaliza achimwene. Kodi ofesi iliyonse ikufunika zimenezi?

MLENDO: Ayi. Ofesi ya anthu khumi, yokhala ndi seva imodzi, isadzisenzetse katundu ameneyu. Mayina akunja asiyeni kwa kampani imene imakusungirani dzina, ndipo mkati mungolemba mayina awiri kapena atatu pa rauta, kapena pa pulogalamu yopepuka monga dnsmasq kapena Unbound. Zotsatira zake ndi zomwezo, ndipo khomo 53 silitseguka n'komwe kwa akunja. Bungwe lalikulu limene lili ndi makina okwanira, ine ndimalilangiza kusiyanitsa ntchito ziwirizi pa maseva awiri, ina ya amkati, ina ya akunja, chifukwa kulakwitsa mzere umodzi sikungasakanize ziwirizo. Ma view amathandiza kwambiri amene ali pakati: mayina ndi ambiri, koma makina ndi amodzi. Ndipo amene mwawakhazikitsa, lembani pa mzere woyamba wa fayilo iliyonse ya zoni kuti ili ndi inzake, kuti amene adzalowe m'malo mwanu asadzasinthe imodzi n'kusiya ina.





MUULUTSI: Omvera athu, nthawi yatithera. Inu amene muli ndi seva ya mayina pa ntchito panu, musadikire sabata yamawa. Musanaweruke lero, lumikizani laputopu ku intaneti ya foni, muifunse seva yanu dzina la google.com kuchokera kunja. Ikakupatsani adiresi m'malo mokana, tsekani recursion musanapite kunyumba. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]